Phazi Loponda Makina

A Telala anasoka zovala za anthu zaka makumi atatu ndi zinayi m'kachipinda koyang'ana kumsewu, ndipo zaka zonsezo sanauzepo mzimayi aliyense muyeso weniweni wa chiuno chake. Tepi ikanena fote-thuu, iwo pakamwa ankati, "Fote, mayi. Mwaonda bwanji?" koma m'kabuku ankalemba zoona. Diresi inkakwana, mayi ankapita akumwetulira. Bodza lotere iwo sankaliwerengera ngati bodza, ankati ndi mafuta a makina.

Mliri utafika, msewu unangoti zii. Maukwati anatha, mayunifolomu a sukulu anatha, ndipo a Telala, poti anali ndi matenda a shuga, anauzidwa kuti asayerekeze kutuluka. Mwana wawo wamkazi anali mumzinda wina, misewu yotseka. Anawatumizira foni ya kanema n'kumawakalipira tsiku ndi tsiku ngati ndiye anawabereka. Dziko lawo lonse linatsala bedi, makina ndi zenera. Ankasoka mamasiki n'kumapatsira anthu pazenerapo atawakoleka kumtengo wa tsache.

Chipatala chomwe ankapitako mwezi ndi mwezi chinasiya kulandira odwala shuga pokhapokha zitavuta. M'malo mwake anamwino ankaimba foni ya kanema Lachiwiri lililonse m'mawa, wodwala aliyense mphindi zisanu. Tisabise, a Telala anazikonda zimenezi. Kunalibe mzere, kunalibe benchi yowawitsa msana, kunalibe wokutsokomolera m'khosi. Ankavala jekete ndi tayi, kumunsi kabudula, foni ataitsamiritsa pachitini cha mabatani. Akamaliza kulankhula pankabwera uthenga wofunsa ngati akhutira ndi chithandizo, kuyambira wani mpaka faifi. Iwo ankadina faifi asanamalize n'kuwerenga komwe.

Kenako kuphazi lamanja, lomwe linkaponda makina, kunatuluka thuza. Linaphulika, osapola. Kuwawa silinkawawa, ndipo chinyengo cha shuga chili pomwepo.

"Bambo, muli ndi choyezera pafupi?" anafunsa anamwino atamva nkhaniyo.

A Telala anaseka mpaka misozi. "Mayi, mukufunsa telala ngati ali ndi tepi?"

"Ndiye zatheka. Muziyeza balalo Lachiwiri lililonse n'kumandiuza. Likayamba kukula, mubwera kuno."

Mawu akuti "mubwera kuno" ndi amene anawakhala pamtima. Mnzawo wosoka nsapato wa khomo loyandikana anapita kuchipatala akuyenda ndi miyendo yake, anabwerako m'bokosi lokhomeratu, ndipo a Telala maliro ake anangoonera pazenera ngati mkaidi. Anachita mantha, mantha enieni a munthu wamkulu amene sauza aliyense. Komanso anamwinowo ankaoneka otheratu, maso ofiira, zingwe za masiki zitadinda m'masaya. Munthu wotere n'kumusenzetsanso katundu wina?

Choncho tepi itanena masentimita awiri, iwo anati imodzi ndi theka. Itanena atatu, anati awiri. Itafika anayi anati, "Lili pomwe paja, mayi, awiri." Patsamba lomaliza la kabuku kawo ankalemba muyeso weniweni monga mwa chizolowezi, koma kabukuko panalibe wina wokawerenga. Anamwino ankalemba zomwe amva, poti ndani angakayikire tepi ya telala? Ankangoti, "Mukuchita bwino, bambo, pitirizani kutsuka ndi kumanga," iwo n'kudina faifi.

Pofika sabata yachisanu ndi chiwiri phazi linatupa, ndipo m'chipindamo munayamba kafungo kosamva sopo. Anayesa kuponda makina ndi phazi lamanzere, msoko unayenda ngati munthu woledzera. Anausomola, anayesanso, zomwezo. Anakhala pabedi n'kumangoyang'ana makinawo, mtima ukuwawa. Kutuluka ankaopa, kukhala ankaopanso, ndipo wotha kuwathandiza analipo mmodzi yekha, yemwe ankamunamizayo.

Lachiwiri lotsatira anavala jekete mwa nthawi zonse, koma thukuta linali kamukamu.

"Bambo, thukuta limeneli m'mawa uno? Thupi latentha?" anafunsa anamwino.

"Ndi jeketeli, mayi, nsalu yake ndi yolemera."

"Nanga bala?"

"Awiri."

Anamwino anayang'ana pepala lawo. "Masabata anayi, awiri omwewo? Bala la shuga silikhala malo amodzi ngati mwala. Limakula kapena limachepa. Tsitsani foni ndione ndekha, tepi muiike pambali pake."

"Netiweki ikuvuta kuno, mayi."

"Ndikukuonani bwinobwino, mpaka madontho a patayi. Tsitsani, bambo anga, chonde."

Anatsitsa. Foni inadutsa tayi, inadutsa kabudula uja wamanyazi, inadutsa bondo. Anamasula bandeji n'kuyala tepi pambali pa bala. Tepi siidziwa kusangalatsa munthu: inanena sikisi. Chala chachikulu chinali chitada bii.

"Mwandinamiziranji nthawi yonseyi?" Mawu a anamwino sanali okalipa, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa.

"Munkaoneka otopa," anatero a Telala. "Komanso ndikuopa, mayi. Olowa kumeneko satuluka."

"Ambiri akutuluka, ndimawatsanzika ndekha pageti. Mverani, chalacho mwina tachedwa nacho. Phazi tikhoza kulipulumutsa mukabwera lero, osati mawa. Ndikutumiza galimoto."

"Makina ndidzapondanso?"

"Sindikufuna kukunamizani, bambo. Sindikudziwa."

Foni itaduka anadzuka motsimphina, anavindikira makina ndi nsalu, anaika m'chikwama mswachi, mapiritsi ndi malaya awiri. Anatsegula chitseko, dzuwa linawathobwa m'maso, anakhala pampando pakhomo penipeni kuti avale nsapato. Yamanzere inalowa bwinobwino. Yamanja inakana, ngakhale atachotsa zingwe zonse.

Anaiyang'ana nthawi yaitali, osadziwa ngati idzakhalanso ndi ntchito. Galimoto itamveka kukona ya msewu, anaipukuta fumbi ndi mkono wa jekete n'kuiika m'chikwama.