Ndege Yoyenda Pansi ya a Nangula

A Nangula sanabadwe ndi dzina limeneli. Analipeza pa ntchito yawo yowotcherera zitsulo, chaka chomwe anapangira mayi wina wogulitsa mchenga wilibala yolemera ngati nangula wa sitima, yofuna amuna awiri kuti isunthe, isanaikidwemo n'kamchenga komwe. Mayiyo atabwera kudzadandaula, iwo anakweza chigoba chotchinga maso, anamvetsera mwaulemu ngati ali pa maliro, kenako anafunsa funso lomwe akhala akufunsa moyo wawo wonse: "Koma yathyoka?"

Sinathyoke. Ikadali pomwe mayiyo anaisiya, ndipo anthu amakhalapo podikira basi.

Shedi yawo ili kumapeto kwa msewu, pakati pa womata matayala ndi kalipentala. Pansi pake m'pakuda bii ndi phulusa la zitsulo. Pakhoma pali wailesi yomwe anaimangira khola kuopa akuba, moti mabatire akatha amachita kudula kholalo ndi sowo. Mageti awo amatsegulidwa ndi banja lonse. Bedi lomwe anapangira akazi awo atangokwatirana analiwotcherera m'chipinda momwemo, ndipo odziwa zinthu amati nyumbayo ikadzagwa bedilo lidzatsala chiimire, mapilo ali m'malo mwake. Chikhulupiriro cha a Nangula chinali chachifupi: chinthu chopepuka n'chabodza.

Munthu yekhayo amene ankawanyoza pamaso anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, yemwe aliyense ankamutchula kuti a Mabuleki. Amenewa anayendetsa basi mpaka imvi, ndipo sanagundepo ngakhale nkhuku, chifukwa nkhuku zinkawapitirira. Atapuma pa ntchito ankabwera ku shedi masana aliwonse, n'kukhala pa chidebe chovundikira, n'kuyamba.

"Alamu, mpando mukupangawu ndi wa munthu kapena wa njovu?"

"Ndi wa munthu wolipira. Inu khalani pa chidebe."

Kenako sitiroko inawakhudza a Mabuleki. Inawalanda mwendo wamanzere n'kuwapotoza pakamwa pang'ono, koma manja inawasiyira. Popeza a Mabulekiwo akazi awo anamwalira kale ndipo ankakhala okha, mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino ku mzinda wakutali, anagamula mlandu pa foni: kutha kwa mwezi akubwera kudzawatenga. Kumeneko amakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, poti ukasuzumira pawindo umangoona mawindo a anzako.

Tsiku lina a Mabuleki anafika ndi ndodo yawo, anakhala pa chidebe, koma sananyoze chilichonse. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa a Nangula kanema wa tindege ting'onoting'ono toulutsa ndi rimoti. Kena kanalunjika kumwamba, kanapidiguka, n'kudutsa chagada, mimba kumwamba ngati kaledzera.

"Alamu," anatero a Mabuleki, "moyo wanga wonse ndakhala ndikupewa kugubuduza. Anthu thoo kumbuyo kwanga, ana pamiyendo, wina wanyamula mazira. Ndisanapite kokakhala pawindo kuja, ndikufuna ndigubuduzeko kanthu kamodzi, dala, ndi zala zangazi, popanda wondimanga."

A Nangula anaseka mpaka kutsokomola. Koma m'mawa mwake anatseka shedi, anafufuza malaya awo amodzi opanda mabowo a moto, n'kukawatenga alamu awo.

Sitolo yomwe anapitako inali yopapatiza, yogulitsa zidole, mababu ndi zipangizo za njinga. Kudenga kunalendewera ndege zitatu pa zingwe. Mwini sitolo, mayi wa magalasi ochindikala yemwe naye ankaulutsa tindegeti, anatenga kandodo n'kuloza yoyamba.

"Iyi mapiko ali pamwamba. Ndi yofatsa, ikapendekeka imadziwongola yokha. Ndi ya ophunzira."

"Imeneyo ndi basi," anatero a Mabuleki. "Ndayendetsa kale."

Yachiwiri inali ya timatabwa topyapyala, yonyezimira, ya injini ya mafuta. A Nangula anaikonda nthawi yomweyo chifukwa inkanunkhira ntchito. Atamva mtengo wake anafunsa mwaulemu ngati ikubwera ndi woyendetsa wake komanso atsikana operekera tiyi.

Mayi uja anatsitsa yachitatu. Inali yoyendera batire, mapiko ali pakatikati pa thupi, chipsepse cha kumchira chachikulu ngati cha nsomba. Thupi lonse linali la zoyera zopepuka zija amatchinjirizira TV m'katoni.

"Yopidiguka yotchipa ndi iyi. Chagada imauluka, kugubuduka imagubuduka, ndipo thumba silidandaula."

A Nangula anailandira ndi manja awiri atakonzekera kulemera, ndipo inangotsala pang'ono kuwapulumuka n'kukagunda denga. Anaiika padzanja limodzi. Anaigogoda ndi chikhadabo. Anaiyang'ana ngati munthu amene wagulitsidwa mphepo m'thumba.

"Mayi, mwatsitsa za m'katoni. Ndege yake ili kuti?"

"Ndi yomweyo, bambo."

"Ikagwa?"

"Imathyoka."

Anayankha osaphethira, ngati akunena kuti mvula imanyowetsa.

"Ndege iyi ndi yogwa, bambo. Ikagwa mumatola, mumamata ndi guluu, mumaulutsanso. N'chifukwa chake ndi yotchipa. Kupepukako ndiye ndegeyo. Musawonjezerepo kanthu, ngakhale sitika. Loweruka lililonse timakhala pa bwalo la kuseri kwa fakitale yakale ija. Mubwere, kukweza ndidzakweza ndine, ikafika m'mwamba ndidzawapatsa bambowa rimoti."

A Mabuleki anali atagwira kale rimotiyo, zala zazikulu zili pa timitengo take tiwiri, akukankha uku ndi uku, akumwetulira mbali imodzi ya pakamwa. A Nangula analipira, anakana kuti alamu awo aponyepo kanthu, n'kunyamula katoni, ulendo ku shedi.

"Ndiione kaye," anatero.

Tinene chilungamo, popeza a Nangula ali moyo ndipo ali ndi nyundo. Zotsatirazi sanachite chifukwa cha mwano. Ankati akatsinzina ankaona kandegeko katanyenyeka pa udzu, alamu awo ataima ndi ndodo akuyang'ana zidutswa, munthu woti thupi lake lomwe lamuthyokera kale. Mphatso yotsanzikirana, yochokera m'manja mwa a Nangula, n'kuthyoka tsiku loyamba anthu akuona? Mtima unakana.

Anayamba ndi kawaya kamodzi kokha m'phiko, koonda ngati sipoko ya njinga. Phiko linalo linaoneka lamasiye, nalonso analipatsa kake. Timawilo anaona kuti n'tachibwana, anachotsa n'kuikapo a sutikesi yakale ya akazi awo. Mphuno, poti ndiyo imayamba kufika pansi, anaiveka chisoti cha lata. Ndiye poti malata amachita dzimbiri, anatenga penti yofiira yoteteza dzimbiri n'kupaka ndege yonse. Pentiyo inadya zoyera zija ngati chiswe, ndege n'kudzuka m'mawa ili mabowo okhaokha. Mabowo satsekedwa ndi mapemphero. Anadula malata ena.

Loweruka loyamba linafika, kumwamba kuli mbee, kopanda n'kamphepo komwe. A Mabuleki anatulukira atavala chipewa chawo cha ku ntchito.

"Penti sinaume, alamu," anatero a Nangula ataima pakhomo la shedi ngati mlonda.

"Penti ya chiyani?"

"Inu mumadziwa chiwongolero. Za zitsulo tisiyireni eni ake."

"Zitsulo zake ziti? Tinagula zitsulo ife?"

Loweruka lotsatira guluu anali asanagwire. Akazi awo a Nangula anabwera okha ku shedi, zomwe sachitachita kuopa kudetsa nsapato. Anakweza chiguduli chomwe chinaphimba ndegeyo, anayang'ana, n'kuchibwezeretsa mwakachetechete monga achitira anthu poona nkhope ya malemu.

"Bambo a ana, achimwene anapempha ndege. Geti ali nalo kale."

"Mudzandithokoza."

"Ndakhala ndikukuthokozani pa bedi lija. Chala changa chakuphazi chikudziwa."

Linafika Loweruka lomaliza, namwino uja akubwera Lolemba. A Nangula ananyamula ndegeyo paphewa ngati thumba la simenti, a Mabuleki akutsimphina pambuyo. Pa bwalo panali anthu angapo ndi tindege tawo tomatamata, ta zigamba ngati mabuluku a ana osewera, tikuzungulira m'mwamba mopanda manyazi. Mayi wa sitolo anaiyang'ana ndege yofiirayo, anainyamula, anaitsitsa, n'kuvula magalasi.

"Mwaidyetsa chiyani?"

"Ndangoilimbitsa apo ndi apo."

"Bambo, iyi siuluka. Koma poti mwabwera, yesani. Rimoti agwire okha bambowa kuyambira pansi pomwe, palibe choopsa."

A Mabuleki anapereka ndodo kwa alamu awo, anatsamira pa mgolo wina womwe unali pomwepo, n'kukankha kamtengo ka moto mpaka kumapeto, chinthu chomwe phazi lawo silinachitepo pa basi. Kafani ka kumphuno kanalira momvetsa chisoni. Ndege inaganiza kaye. Kenako inanyamuka, osati kupita kumwamba ayi, koma kutsogolo, mwaulemu, ngati bwana akuyendera ntchito. Inawonjezera liwiro, inabalalitsa agalu omwe ankaothera dzuwa, inadula bwalo lonse mawilo a sutikesi akulira, n'kukagunda chitsulo cha golo la mpira. Osewera mpira amati gololo linapendekeka kuyambira tsiku limenelo.

A Nangula anathamanga kukaiona. Inalibe n'kachilema komwe. Anatembenuka, funso lawo lija lili kale pamlomo, koma anaona alamu awo ali chitsamire pa mgolo, chala chikukokabe kamtengo kokwezera ndege, kukoka, kukokanso, maso ali kumwamba komwe kunalibe kanthu kawo. Funsolo analimeza.

Mayi wa sitolo anati zotchipa zija zatha, zina zifika mwezi wamawa, koma atha kuwabwereka yake. A Mabuleki anapukusa mutu.

"Zikomo, mayi. Za eni ndayendetsa moyo wonse. Cha mwini sugubuduza, umangochisamala. Ndimafuna yangayanga."

Pobwerera a Mabuleki sananyoze chilichonse, ndipo a Nangula akanakonda kutukwanidwa.

Lamulungu lonse anakhala m'shedi akumatula malata, koma lata lililonse linkachoka ndi mnofu wake. Pomaliza patebulo panali mulu wa zinyenyeswa zofiira ndi mawilo awiri abwinobwino.

Lolemba galimoto inabwera. Namwino uja anawalongedza bambo ake ngati mankhwala, pilo uku, bulangete uku. A Mabuleki anatsitsa galasi.

"Alamu, bokosi langa musadzapange ndinu. Anthu adzathyoka misana."

"Pitani uko. Mukafika lero lomwe, poti sakuyendetsa ndinu."

Anaseka onse awiri, kuseka kosafika m'mimba.

Mwezi wotsatira a Nangula anakagula ina yofanana ndendende, ndipo sanaikhudze ngakhale ndi chikhadabo. Ankati aitumize, koma namwino anati kumeneko kulibe bwalo, ndiponso sitiroko yabweranso, ulendo uno yatenga dzanja lamanja. Choncho Loweruka lina anapita okha kuseri kwa fakitale. Mayi uja anaikweza ndegeyo m'mwamba, n'kuwapatsira rimoti m'manja ozolowera nyundo aja. Iwo anakankha kamtengo ngati akutsegula geti. Ndege inapidiguka, inadutsa chagada pamwamba pa anthu onse, ena mpaka kuwomba m'manja, kenako inalunjika pansi n'kuduka pakati.

Masana omwewo anaimba foni. Namwino anaigwirizira pa khutu la bambo ake.

"Alamu, ndagula ina. Yagadabuka."

Mawu a Mabuleki anabwera pang'onopang'ono, lilime litalemera.

"Yauluka chagada?"

"Chagada. Anthu awomba m'manja."

"Tandiuzeni. Imaoneka bwanji?"

A Nangula anayang'ana zidutswa ziwiri zomwe zinali pamiyendo pawo. Akanatha kunama, foni ilibe maso. Koma bodza silinabwere.

"Sindinaone, alamu. Ndinatsinzina."



"Ndiye yagubuduka yokhayokha," anatero a Mabuleki, "popanda wa kwathu woiona."

Kenako anamveka akuuza mwana wawo kuti achotse foni, khutu latopa.