Polo ya pa Chitsime Nambala 19

A Meng Fulai anagwira ntchito zaka makumi atatu pa zitsime za mafuta m'dambo la kumathiriro kwa Mtsinje Wachikasu. Ankayenda pa njinga kuchoka pa pampu ina kupita pa ina, kupaka girisi ndi kumvetsera kulira kwa zitsulo. Sanali munthu wolankhulalankhula. Akazi awo, mayi Sun, ankati, "Ine ndinakwatiwa ndi pampu. Kugwedeza mutu kokhakokha, mawu zii."

Zimene mafuta anachita m'dambomo ankaziona ndi maso: bango lakuda m'tsinde, nkhanu zonunkha palafini zimene ogula ankazibweza kumsika, chitsime cha m'mudzi mwa apongozi awo chimene anthu analeka kumwa. Sankanena kanthu, poti mpunga wa m'nyumba mwawo unkachokera ku mapampu omwewo.

Kenaka boma linalamula kuti zitsime zonse za m'dambomo zitsekedwe, malowo abwerere kwa mbalame. Dothi lakuda linatutidwa pa malole, ndipo mudzi uja unalandira madzi a m'mipopi. Chikalata chinati pasatsale kanthu: mapampu, mapaipi, mawaya, mapolo a magetsi, zonse zizulidwe mwezi wa Meyi usanathe.

Vuto linali pa chitsime nambala 19. Pamwamba pa polo ya pamenepo adokowe awiri anamangapo chisa chachikulu ngati bafa, ndipo chaka chilichonse ankabwerera pomwepo. Chaka chimenecho munali ana atatu, mapiko asanakhwime.

A Meng anapita kwa a Dou, kapitawo wa ozula mapolo, kukapempha kuti polo ija aisiye.

"Achimwene," anatero a Dou, "ine ndauzidwa kuti ndizule zonse. Ndikasiya imodzi n'kuchotsedwa ntchito, mudzandidyetsa ndinu? Kapena adokowe anuwo?"

Tsiku lozula litafika, a Meng analawirira. Anatsamiritsa njinga pa polo, nakhala pansi ndi banzi lawo lophika ndi nthunzi ndi anyezi wamasamba. Chigalimoto chozulira chinafika n'kuima.

"Chokanipo, madala!" anakuwa a Dou. "Mwayamba kufungatira mazira nanunso?"

Antchito anaseka. Koma a Meng sanasunthe. A Dou atatopa anaimbira foni ku ofesi ya zachilengedwe, ndipo masana kunabwera mayi Tan, mzimayi wachitsikana, nsapato zawo zoyera zili matope okhaokha.

"Bambo, chavuta n'chiyani?" anafunsa mayi Tan.

A Meng analoza m'mwamba.

"Pepala lanu likuti malo ano ndi a mbalame. Mbalamezo ndi izo. Tayang'anani, mayi, m'dambo muno mulibe mtengo wautali, mchere wa m'dothi sulola. Mukazula mapolo, zizimanga pati?"

Mayi Tan anatembenuka pang'onopang'ono. Kulikonse kunali bango, madzi ndi mapolo. Mtengo panalibe ngakhale umodzi. Nkhope yawo inafiira.

"Chikalatacho ndinalemba ndine," anatero. "Ndinalembera mu ofesi. A Dou, chotsani mawaya okha. Polo ikhale. Ndisainira ndine."

"Musaine ndikuona," anatero a Dou, uku akupereka cholembera.

Ana atatu aja anauluka mu Juni. Mapolo ena khumi ndi awiri anasiyidwanso, ndipo boma linaikapo madengu achitsulo pamwamba oti mbalame zizimangamo zisa. A Meng sanapumitsidwe ntchito monga ankaopera. Anawapatsa chipewa chobiriwira ndi magalasi oonera patali, ndipo njira yawo ndi yomwe ija, njinga yomwe ija, kungoti tsopano amayendera zisa.

Nyengo ya nkhanu ikafika, a Meng amanyamula dengu la nkhanu kupita nalo ku ofesi ya mayi Tan. Mayiwo amakana chaka chilichonse, akuti lamulo sililola mphatso. A Meng amawerama, n'kubwerera nalo kunyumba osadandaula.

"Zabwereranso?" amatero mayi Sun. "Mayi ameneyo Mulungu amusunge, azikanabe."

Amatenga nkhanu imodzi, kuinunkhiza monga anazolowera kale, n'kuiponya mu poto, poti fungo la palafini linatha.