Kubweza Khonje wa ku Joni ku Nzama

Ndinanyamuka ku Lilongwe Loweruka cha m'ma sikisi koloko m'mawa, mwezi wa Juni, nditakumbatira chitini cha duwa. Ntchito yanga ndi yogulitsa maluwa a m'miphika. Chithereni mliri uja wotitsekera m'nyumba, aliyense m'tauni anayamba kufuna kachitsamba pakona ya pabalaza, ndipo maofesi nawo sanafune kutsalira. Ine ndimawapezera, n'kuwaikira m'miphika yoyera yooneka bwino pa chithunzi. Koma duwa la tsiku limenelo silinali la malonda. Ndinkakalibweza kwa mwini wake, azakhali anga aNangozo, amene anali atatha masiku asanu osalawa kanthu chifukwa cha ilo.

Mlandu unali wanga, sindingabise. Pa Isitala ndinapita kukawaona kumudzi kwawo, kuseri kwa Nzama, koma ndinapeza agonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Pakhonde pawo panali chitini chadzimbiri chodzaza ndi chomera cha masamba aatali, olimba, oima njo ngati malupanga, m'mbali mwake mwachikasu. Kumeneko amati khonje wa ku Joni. M'tauni ndi duwa lomwe anthu akulimbirana, poti silifota ngakhale uliiwale mwezi wathunthu. Nkhani yake ndinkaidziwa kuyambira ndili wamng'ono. Amuna awo a azakhali, bambo Ndau, anapita ku migodi ine ndisanabadwe, ndipo patapita zaka zitatu duwali linabwera ndi mnzawo wina, a Jere, pamodzi ndi uthenga woti azilithirira mpaka iwo adzabwere. Sanabwere, ndipo makalata anathera pomwepo.

Msuweni wanga Fabiano, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndiye anandilimbitsa mtima. "Tengani asuweni, mayi amangovutika nalo ndi madzi. Munthu wake anatchona kalekale." Nanenso dyera linandikoka. Nditafika nalo m'tauni ndinaligawa panayi, zigawo zitatu zinapita m'maofesi, chachinayi chinatsala kwanga. Azakhali atatuluka m'chipatala, Fabiano anawauza kuti duwa akulisunga asisitere a ku mishoni. Bodzalo linayenda milungu ingapo, kenako linagwa. Azakhali sanakalipe. Anangoyala mphasa, n'kutembenukira kukhoma, n'kukana ngakhale phala. Lachisanu Fabiano anandiimbira foni: "Bwerani nalo mawa. Mukachedwa, mubwere ndi chitenje cha pamaliro."

Chitini chenichenicho ndinali nditataya. Ndinapeza china cha penti, n'kuchipaka matope kuti chioneke chakale, ndipo ndinadziona wochenjera.

Pa depoti minibasi ya ku Ntcheu inali K8,000. Kondakitala, bambo wa mano otalikirana ndi pakamwa posatseka, anayang'ana chitinicho kuyambira pansi mpaka kunsonga.

"Nanga awa alipira okha, kapena muwalipirira?"

"Akhala pamiyendo, sanakwane zaka zolipira," ndinatero.

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, koma mtima unali kwina. Tinadutsa Nathenje ndi Kamphata dzuwa likuwala bwinobwino, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya. Titawoloka Linthipe n'kuyamba kukwera, kunja kunasintha. Pofika ku Dedza, cha m'ma eyiti koloko, nkhungu inali itatseka mapiri onse, dalaivala anayatsa nyali, ndipo ogulitsa m'mbali mwa msewu ankangotulukira mwadzidzidzi pawindo, mbale ili m'manja, n'kuzimiriranso.

Pamphambano ya ku Bembeke anatsika mayi amene ndinakhala naye, m'malo mwake munakwera bambo wachikulire wovala chijasi chakuda chofika m'maondo. Atakhazikika anayang'ana duwa lija kwa kanthawi, kenako anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Pepani mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndi ndani ameneyu?"

"Ndani uti, bambo?"

"Amene mwanyamulayu."

Ndinati ndi duwa chabe, la azakhali anga. Anandifunsa ngati linachokera ku Joni, ndipo nditavomera anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zomwe amayembekezera. Anati iye anagwira ntchito ya mumgodi zaka khumi ndi chimodzi, chifuwa chomwe anali nachocho anachitenga komweko.

"Kuseri kwa komponi yathu kunali manda a ife obwera," anatero. "Mitanda ya matabwa chiswe chinkadya. Ndiye kumutu kwa munthu tinkabzala chimenechi, poti sichifuna wochithirira. Mtembo sunkabwera kumudzi masiku amenewo. Wina akamapita kwawo, tinkamuzulirako pamanda a mnzake, akapereke kwa mkazi wake."

"Nanga uthenga wake ankanena bwanji?"

"Olimba mtima ankanena. Ena akafika pakhomo, n'kuona mayi akuthamangira kudzawalandira, mwana ali kumbuyo, malovu ankauma. Ankangoti, amuna anu akuti muzithirira mpaka adzabwere."

Amenewo anali mawu enieni omwe ndinakula ndikuwamva, osasintha ngakhale limodzi. Ndinachita mantha, osati ndi bamboyo, koma ndi chimene chinali pamiyendo panga, chomwe ndinachidula ndi mpeni wa kukhitchini ndikuimba nyimbo. Dalaivala anali atatsitsa wailesi kuti naye amve.

Bamboyo anatsika pa Lizulu. Asanatsike anakhudza tsamba limodzi ndi nsonga za zala, n'kuti, "Mufike bwino nonse." Anavala chipewa chake n'kulowa pakati pa milu ya kabichi ndi mbatata ya kachewere, ndipo nkhungu inamubisa asanapite patali. Amayi ogulitsa anazinga galimoto monga mwa nthawi zonse, ndowa ya kachewere akuti K3,000, koma ine amene sindidutsa pa Lizulu osagula ndinalibe dzanja lotulutsira ndalama. Chinanso chimene ndinaona, chomwe sindinachionepo chiyambire kukwera minibasi, n'chakuti kondakitala anasiya mpando wa pambali panga wopanda munthu. Anthu awiri ankafuna kukwera, iye anati mwadzaza.

Kuchokera pamenepo kudutsa Mlangeni ndi Biriwiri ndinkangoganiza za zigawo zitatu zija. China chinali pa kauntala ya kampani ya inshulansi, pomwe atsikana a pamenepo amajambulitsirapo zithunzi. China chinali mu ofesi ya loya, pafupi ndi shelefu ya mabuku. Chachitatu chinali pakhomo la banki ina, pomwe anthu a pamzere amatayiramo timapepala. Ndinkadzifunsanso ngati ndikawauze azakhali zomwe ndinamva. Munthu amene wathirira chiyembekezo zaka zoposa makumi atatu, ndipo lero wagona osadya, ungamuuze kuti ankathirira manda? Ndinaganiza zokangotseka pakamwa.

Tinafika pa boma la Ntcheu cha m'ma leveni. Ndinagula tchipisi cha K1,000 pachiwaya, ndinadya zitatu zinayi, zotsalazo ndinapatsa galu. Wa kabaza wa njinga yamoto, bambo wandevu wovala majekete awiri, anati kuseri kwa Nzama ndi K5,000 chifukwa msewu ndi wokwera. Tinagwirizana K4,000. Anatulutsa mphira kuti amange chitini kumbuyo, ine ndinakana.

"Chikhala pakati pathu," ndinatero.

"Chabwino, bola chisandibaye msana."

Msewu wafumbi unayamba kukwera titangochoka pa tala. Nkhungu ya kuno inali yonyowa, yolowa mpaka m'makutu. Minda ya kachewere inkaoneka mizere iwiri itatu yoyambirira basi, kwinako kuli mbuu. Pena ng'ombe zinkatulukira pakati pa msewu popanda woziweta, n'kuima kumatiyang'ana, osasuntha mpaka wa kabaza atazimitsa injini. Pabampu iliyonse nsonga za masamba zinkandigunda pachibwano ngati wina akufuna ndimuyang'ane. Tikuyandikira ku mishoni belu la masana linalira, koma tchalitchicho sitinachione.

"Kodi kumene tikupitaku kuli zovuta?" anafunsa wa kabaza osacheuka.

"Ayi, bwanji?"

"Kagwiridwe kanuko. Anthu amagwira choncho akanyamula kabokosi ka mwana."

Anandisiya pamtengo wa mkuyu pomwe pamayambira kanjira ka kwa azakhali.

Nthawi inali itapitirira wani koloko. Choyamba kuona chinali mulu wa nkhuni pambali pa nyumba, zazikuluzikulu, zoti si zophikira banja limodzi. Pakhonde panakhala amayi a mphakati wa tchalitchi, makolona ali m'manja, akupemphera monong'ona. Koma kulira kwa maliro kunalibe. Fabiano anatuluka, maso ali psuu.

"Alipo," anatero. "Nkhunizo anthu angoyamba okha kubweretsa, sindinawatume."

M'chipinda munali kamdima ndi fungo la mafuta opaka. Azakhali anali atachepa ngati mtolo wa zovala pamphasa. Ndinagwada, n'kuika chitini pafupi ndi mutu wawo.

"Azakhali, ndine Modesta. Ndabwera nalo. Ndinalakwa."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Ine sanandiyang'ane. Anatambasula dzanja, n'kusisita tsamba limodzi kuchokera pansi mpaka kunsonga, kenako anapisa zala m'dothi.

"Chitini si chimenechi," anatero, mawu ali osasa. "Ndipo achepa. Dothi lofiira lija, linali pansi penipeni, waliika kuti?"

Ndinati ndinalisakaniza ndi manyowa, lili m'miphika yonse inayi.

"Limene lija ndi la pamene anagona."

Fabiano anali ataima pakhomo, ndinamva akukoka mpweya. Ine ndinafunsa mopusa, "Azakhali, kodi mumadziwa?"

"Iwe Modesta, mwamuna wamoyo amatumiza bulangete, wailesi, kaya njinga. Wamoyo angatumize khonje?" Anapuma kaye. "A Jere analephera kunena, inenso sindinawafunse. Ndikanafunsa, abale a bambo a Fabiano akanandimeta, n'kundipatsa mng'ono wawo, kapena kundilanda munda. Mkazi wa munthu wamoyo samuchotsa pamunda. Uyu ndinamulera ndi munda umenewo."

Fabiano anakhala pansi pomwepo pakhomo, n'kubisa nkhope m'manja. Bambo wa ana anayi, ndipo tsiku limenelo ndi pomwe anamva za maliro a bambo ake. Ndinamumvera chisoni kwambiri, ndipo ndinachita manyazi kuti nkhani yotere yatulukira pa dyera langa.

"Ndinkawasunga kuti tsiku langa likadzafika mudzatiike pamodzi," anapitiriza azakhali. "Enawo ali kuti?"

Ndinawauza zoona: ku inshulansi, kwa loya, ndi pakhomo la banki.

"Akuchitako chiyani?"

"Angoima, azakhali. Kuti anthu aziona."

"Ndiye wawapezera ya ulonda," anatero, ndipo pakamwa pawo panagwedera ngati akufuna kuseka. Zala zawo zinali zikadali m'dothi. Kenako anati, "Fabiano, leka zimenezo, ukauze amayiwo aphike phala. Sindingapite ndi munthu wosakwanira. Iwe Modesta, ukatenge otsalawo, onse atatu, ndi dothi lawo. Ndidikira."

Anamwa phala theka la kapu nditawachirikiza kumsana. Panja amayi aja anayamba kuyankhula mokweza, ndipo dzuwa lisanalowe ndinaona aliyense akusenza nkhuni zake kubwerera nazo, mwakachetechete, osayang'anana.

M'mawa mwake ndinabwerera ndi wa kabaza yemwe uja, kunja kutayera, mapiri onse akuoneka mpaka ku Mozambiki. Manja anali opanda kanthu koma ndinkangowapeza atapinda pamimba. Ulendo umenewu unandiphunzitsa kufunsa. Masiku ano ndikaona chomera chokongola pakhonde la munthu, ndisanafunse mtengo ndimayamba ndafunsa kuti chinabwera ndi ndani.

Cha ku inshulansi ndi cha kwa loya ndinakazitenga sabata yomweyo, ndinaikamo maluwa ena, ndipo palibe anadandaula. Ndinazitumiza, zinafika. Chatsala cha ku banki. Abwana a pamenepo anandiuza kalekale kuti ndikhoza kuchitenga tsiku lililonse. Koma Fabiano akuti azakhali anenepako, ayambanso kupita kudimba, ndipo Lamulungu lililonse akachoka ku Misa amamutuma andiimbire, andifunse kuti wotsalayo afika liti. Ine ndimadziwa chimene akudikira, ndipo ndikuopa. Lolemba lililonse ndimapita kukachithirira, n'kuchotsamo timapepala, ndipo Lamulungu foni ikalira ndimati abwana akukanizabe.