Jeneza la Bambo Pageti la Esiteti

Bambo anga anamwalira Lachinayi m'mawa, ndipo kwa ife Asilamu maliro sagonera. Dzuwa lisanafike paliwombo tinali titawasambitsa n'kuwakulunga m'sanda. Vuto linali manda.

Manda a mtundu wathu ali m'kati mwa esiteti ina kumpoto kwa Liwaladzi. Makolo athu ankakhala pomwepo, mpaka mzungu wina anabwera ndi pepala la boma la atsamunda n'kuwakankhira kumchenga, kumene tili mpaka lero. Mzunguyo anapita kalekale, koma pepala lake linatsala, likungosintha manja. Mwini wake wa tsopano ndi Mmalawi mnzathu, amakhala ku Lilongwe, sitinamuonepo. Kuti tiike munthu wathu, timayenera kupempha kwa manijala m'kalata ya Chingerezi.

Kalatayo ndinalemba ine, n'kutuma mlamu wanga panjinga. Anabwerako nayo. Manijala anali atapita ku Dwangwa, foni yake sinkapezeka.

"Tinyamuke basi," anatero amalume. "Akatikanize tili pageti."

Pageti tinapeza alonda, abambo achikulire a m'mudzi mwathu momwemo, amene mayi awo anagonanso m'manda omwewo. Ataona jeneza limene tinanyamulira mtembo anavula chipewa, koma loko sanamukhudze.

"Pepani abale anga. Popanda chilolezo sindingatsegule, andichotsa ntchito."

"Ndiye tiwasiye pano?" ndinafunsa mokweza. "Muwalondere inuyo?"

Alondawo anayesa foni ya manijala kachiwiri, kachitatu. Onyamula jeneza ankangosinthana mapewa, poti palibe amene ankafuna kulitsitsa pafumbi. Kumbuyo kwanga anyamata anayamba kugwedeza waya wa mpanda, wina n'kutola mwala. Mlonda wina wachilendo anatuluka m'kanyumba ka pageti atagwira galu wamkulu pa tcheni.

Shehe anakweza dzanja. "Mwala umodzi ukaponyedwa pano, ine ndibwerera kunyumba. Mukawaike nokha."

Mwala uja unagwa pansi, koma palibe anasuntha. Tinaima choncho mwina ola lathunthu, galu akuuwa. Ine maso anali pa nsalu yophimba jeneza, pamene ntchentche zinali zitayamba kutera. Amalume anavula kofia yawo n'kumaziingitsa mwakachetechete.

Alonda achikulire aja atawona zimenezo anatulutsa makiyi. Mnzawo wagalu anawagwira mkono, iwo anamuphumitsa.

"Lowani msanga. Musaponde mbewu."

Tinawaika bambo mothamanga, pemphero la dua lalifupi, maso akungocheukira kumsewu.

Sabata yotsatira alonda aja anawachotsadi ntchito. Ndinapita kwawo kukapepesa, n'kuwapeza akusoka ukonde wa eni ake pansi pa mtengo wa mango. Anandipatsa mpando, anandifunsa za mayi anga, koma za pageti sanafune tikambe. Akazi awo sanandiyankhe moni tsikulo, ndipo mpaka pano tikakumana pamsika amayang'ana kumbali.