Chaka chimene Chiyao chinaletsedwa m'nyumba mwathu

Chaka chathachi ndataya mkazi wanga Tiwonge, tulo, ndi Chitumbuka chimene chinkamveka m'khitchini mwathu m'mawa. Ndatsala ndi mwana wathu Tadala, wa zaka zinayi, amene akuchedwa kulankhula. Achibale akuti Chitumbuka cha amake ndicho chinamusokoneza, ndiye asachimvenso. Ndikawamva, maganizo anga amapita ku nyumba ina.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene likulu linkasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Bambo anali kalaliki wa boma, ndipo tinapatsidwa nyumba ku Area 18, pakati pa nyumba zofanana, zonunkha penti, popanda mtengo wa mthunzi ngakhale umodzi. Mayi ankalankhula Chiyao. Chichewa chawo chinali chogulira mchere basi. Ine ndinkalankhula zonse ziwiri, koma modukaduka. Ndikafuna kunena kuti galu wadya nsomba, ndinkangoti "galu... nsomba," n'kuima.

Aphunzitsi anga anaitanitsa bambo. "Zinenero ziwiri zikumuchulukira m'mutu," anatero. "Kunyumba Chichewa chokha." Bambo ankalemekeza kwambiri aphunzitsi. Lamulo linayamba tsiku lomwelo.

Mayi sanatsutse. Anangochepetsa mawu. Ankandisambitsa ali duu, chakudya n'kungondilozera ndi chala. Bambo ankalawirira basi ya ku Capital Hill, ndipo tsiku lonse m'nyumba munkangomveka tsache. Ana a pa laini pathu ankanditcha Wailesi Yakufa. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde n'kumayang'ana malole a njerwa akudutsa m'fumbi lofiira. Patatha chaka ndinali ndisanasinthe, kungoti tsopano ndinalibe wolankhula naye.

Kenaka bambo anamva kuti kuchipatala cha ku Old Town kukubwera mayi wina wophunzitsa ana osamva, a Nachisale. Tinapita tonse atatu. Anayamba ndi makutu: anagwedeza makiyi kumbuyo kwanga, ine ndinatembenuka. Anatulutsa zithunzi zodula m'magazini, nandifunsa m'Chichewa uku akulemba. Atamaliza anapereka zithunzizo kwa mayi.

"Tsopano mumufunse ndinu, m'chinenero chanu."

Mayi anayang'ana bambo.

"Kusukulu anatiletsa," bambo anatero.

"Ndamva, bambo. Koma mwanayu ndamuona theka lokha. Ndikufuna theka linalo."

Mayi anakweza chithunzi cha nkhuku. Funso lawo lisanathe ndinali nditakuwa kale kuti "nguku!" Zinthu zambiri zimene zinandikanika m'Chichewa ndinazitchula m'Chiyao. Koma atandiuza kuti ndifotokoze zimene nkhukuyo ikuchita, chiganizo chinadukanso, ndipo mayi anawauza a Nachisale pamene chadukira.

"Mwaona?" anatero a Nachisale. "Akupunthwa pamalo amodzimodzi m'zinenero zonse ziwiri. Akanakhala ndi chimodzi, akanapunthwabe. Apa mwangomulanda amake."

Bambo anayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali.

Jakisoni kapena mapiritsi panalibe. A Nachisale anati makolo anga azilankhula nane kwambiri, aliyense m'chinenero chimene amachidziwa bwino, ziganizo zazifupi. Ndikalakwitsa azibwereza zimene ndanenazo ataziwongola, osandikalipira. Loweruka lililonse ine ndi mayi tinkapita ku msika wa Lilongwe, iwo akuloza tomato, nsalu, misomali, ine ndikulumikiza mawu m'Chiyao. Madzulo bambo ankandifunsa m'Chichewa zimene taona. Zinatenga zaka zitatu. Mpaka lero ndikatopa mawu amandithawa.

Ndiye achibale ndawakana. Tadala ndamulembetsa kwa oyeza kalankhulidwe ka ana, ndipo ndapempha kuti tsikulo apongozi anga adzakhalepo, popeza Chitumbuka changa n'chochepa. Ngati vuto lilipo, alipeze m'zinenero zonse ziwiri.

Nkhani ya ku Area 18 ndinamuuza Tiwonge kamodzi kokha, tisanakwatirane, ndipo sitinaibwerezenso. Tsiku lake lomaliza kuchipatala mpweya unali utamuchepera. Anandikoka malaya kuti ndiwerame.

"Bambo a Tadala, muziwaitana amama ku Rumphi azibwera. Mwanayu ndinali ndisanamalize kucheza naye."