Siginecha Imene Inasanduka Banga

Fungo la sanitayiza limandibwezabe ku Al Warqa, dera la mzinda wina wa kutsidya kwa nyanja, m'nyumba imene amayi ankagwira ntchito. Ndinapita kukawaona patchuthi ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kenako mliri wa korona unatseketsa mabwalo a ndege. Amati mlendo ndi mame, koma ine dzuwa linatuluka ndili pompo. Tinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, momwe makina ochapira ankanjenjemeretsa khoma. Kunja kunkatentha ngati pambaula, msewu uli zii, kupatula kulira kwa ambulansi.

Bwana wa amayi, mkulu wosayankhulayankhula, ankasonkhanitsa zikalata zakale za asilikali, za nkhondo imene anthu a ku Amereka anathamangitsira Angerezi. Chilichonse chinali ndi siginecha ya mkulu wankhondo. Ankazisunga m'chipinda chozizira kwambiri, ndipo ine ndinkadutsa pakhomo pake chothamanga, poganiza kuti eni mayinawo amapumira momwemo.

Lamulo la madamu, akazi a bwana, linali lakuti chilichonse cholowa pageti chipoperedwe, kaya ndi tomato kaya nsapato. Tsiku lina masana kunabwera envulopu yokhuthala, amayi n'kuipopera mbali zonse mpaka kunyowa, monga ankachitira ndi katundu yense. Bwana ataitsegula patebulo, tinaona inki yofiirira itayenderera papepala lachikasu. Chinali chikalata chololeza msilikali wina kubwerera kwawo, koma siginecha inali itasanduka banga.

Ndinkadziwa kuti amayi akachotsedwa ntchito tilibe kolowera, pakuti ndege sizinkauluka. Bwana anafunsa motsitsa mawu kuti wanyowetsa ndani. Madamu anangoweramira foni yawo. Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule mwini lamulo, koma amayi anandifinya phewa mpaka ndinamva zikhadabo.

"Ndine, bwana. Pepani," anatero m'Chingerezi.

Bwana anangoti, "Khalas," kutanthauza kuti zatha, osanena chimene chatha. Masabata otsatira ndinkadzidzimuka chitseko chikangolira, ndipo amayi analongedzeratu zovala zathu m'chikwama. Sanatichotse. Madamu anayamba kunditumizira yogati kukhitchini, osandiyang'ana kumaso.

Nthawiyo ndinawakwiyira amayi, ndinkati ndi amantha osenza mlandu wa eni. Lero ndikuona kuti nyumbayo ankaidziwa bwino. Bwana akanatha kukhululukira wantchito wolakwitsa, koma madamu sakanasunga wantchito wowachititsa manyazi pamaso pa amuna awo, ndipo ine ndinkafunika pogona.