Mapazi a Mayi Kachingwe

Mayi Bessie Kachingwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Peckham, ndipo akaseka ankamveka mpaka pa siteji ya basi. Mu 2006 anayamba kumva kuthina pachifuwa akamakwera masitepe. Dokotala anati mitsempha ya mtima yachepa, n'kuwapatsa amlodipine, kapilisi kamodzi m'mawa uliwonse kofewetsa mitsempha kuti magazi aziyenda bwino. Chifuwa chinapepuka ndithu, koma mapazi anatupa ngati mandasi.

Tsono amayi a kutchalitchi kwathu ku Peckham ali ndi maso akuthwa, koma mimba ya munthu safunsa, ndi mwambo. Anangoona mapaziwo n'kutsinana. Lamulungu lotsatira wina anabwera ndi mango osapsa, wina dothi lodya amayi apakati lija. Mayi wa zaka 53, wa zidzukulu zitatu! Amuna awo, a Lyson, m'malo motsutsa anakagula tayi yatsopano n'kumayenda monyada, chifuwa patsogolo.

Manyazi anapha lambe. Mayi Kachingwe anasiya mapilisi mwakachetechete, mapazi n'kuphwa. Patatha milungu iwiri chifuwa chinawagwira m'basi, thukuta kamukamu, ambulansi n'kuwabweretsa kuchipatala kumene ine ndine namwino.

"Joyce, please, usandikalipire," anatero atagona pabedi. "Ma tablet aja ndinasiya. Anthu amvekere ndili ndi pakati."

Ndinakwiya kwambiri, kenako ndinaphulika kuseka, misozi ya mantha ikutsika nthawi yomweyo.

"Amayi, mukufuna tikutumizeni ku Malawi m'bokosi chifukwa cha miseche? Mukanangouza GP, dokotala wanu uja, akanakuchepetserani dose!"

Dokotala anachitadi zomwezo. Mayi Kachingwe atatuluka m'chipatala, nthawi ya maumboni kutchalitchi anaimirira, kabokosi ka mapilisi ali nako m'mwamba.

"Abale, mwana munkamudikira uja ndi ameneyu. Sayamwa, salira, koma ndikamusiya ndifa ndine."

Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete, nthungululu mbali zonse, abusa akupukuta magalasi. A Lyson anangoti zyoli.

Tikutuluka, Mayi Margaret, oimba mukwaya amene anaseka kuposa tonse, anandikokera kuseri kwa chitseko. Anatsegula chikwama n'kundionetsa kabokosi ngati komweko, kosatsegula n'komwe.

"Joyce, nanenso ndinasiya mu June," ananong'ona, kuseka konse kutatha. "Ndiyambirenso bwanji?"